GALIMOTO IKAWIRA PA CITUNDA CA KU ZÓBUÈ

Aliyense amene amayenda pa msewu wa EN7, kucokera ku Moatize kunka ku malire a Zóbuè, adaonapo chapa itaima pambali, mpando wakutsogolo utadzutsidwa, nthunzi ili tolotolo, ndipo kondakitala akuthamangira kumudzi ndi cigubu kukapempha madzi. Tonse timati, "Galimoto yawira." Tikafunsa cimene caiwiritsa, ambiri amayankha kuti ndi dzuwa la ku Tete. Dzuwalo lilipo ndithu, koma limaomba magalimoto onse, ndipo si onse amene amawira.

Kuwira kwa injini kuli ngati kutentha thupi kwa mwana: kumationetsa kuti m'kati muli nthenda. Kuthira madzi n'kupitiriza ulendo kuli ngati kuika nsalu yonyowa pamphumi pa mwanayo osapita naye kucipatala. Nkhani ino talembera eni magalimoto, oyendetsa, anyamata ophunzira umakaniko, ndi ife okwera, kuti tidziwe kupeza nthendayo isanaphe injini, ndiponso isanapsereze munthu.

MSEWU WATHU NDI MAGALIMOTO AKE

Kucokera ku Moatize kukafika ku Zóbuè pali makilomita pafupifupi 100. Moatize ili kunsi, m'cigwa ca Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Zóbuè ili kumtunda, m'mapiri a kumalire ndi Malawi. Tsono galimoto imanyamuka kumalo otentha, itadzaza anthu ndi katundu, ndipo imakumana ndi zitunda injini itatopa kale, makamaka ca ku Mussacama, pamene papatukira msewu wa ku Angónia. Ikafika pamalire imaima pamzere, injini ikulira koma mphepo kulibe.

Akuluakulu akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1980, nthawi ya nkhondo, magalimoto ocokera ku Cuchamano kudzera ku Tete mpaka ku Zóbuè ankayenda pamdipiti, moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Kufa kwa galimoto panjira masiku amenewo kunali kuika moyo pa ciswe. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, othawa nkhondo adabwerera kucokera ku Malawi, misika idatseguka, ndipo ma chapa adaculuka. Kuyambira mu 2011, pamene migodi ikuluikulu ya malasha idayamba kutulutsa malasha ku Moatize, fumbi ndi magalimoto olemera zidaonjezekanso pamsewu.

Ma chapa ambiri akale ndi a mtundu wa Toyota Hiace, ogwirapo kale nchito ku Japan. Mtundu umene udapangidwa kuyambira 1989 mpaka 2004 uli ndi injini za dizilo zochedwa 2L, 3L, 5L ndi 1KZ, kapena za petulo zochedwa 1RZ ndi 2RZ. Cofunika kukumbukira n'cakuti injini ya magalimoto amenewa ili pansi pa mipando yakutsogolo. Nthunzi ikaphulika imatulukira m'kati, pamene pakhala anthu.

MADZI AMAYENDA BWANJI M'INJINI

Mafuta akamapsa m'injini, mphamvu yoyendetsa magudumu ndi gawo limodzi cabe mwa magawo atatu, mongoyerekeza. Gawo lina limatuluka ndi utsi. Gawo lacitatu limatsala m'zitsulo ngati moto, ndipo nchito yolicotsa ndi ya madzi. Popeza zipangizo timagula ku Tete kapena ku Mwanza ndi ku Blantyre, tizichula m'mene zimachulidwira mbali zonse ziwiri.

Pampu ya madzi, imene m'sitolo za ku Tete amati bomba de água, imakankha madzi kuzungulira m'injini. Madziwo akatentha amapita ku lediyeta, ndiyo radiador, kumene amadutsa m'timacubu tating'ono tambirimbiri, mphepo n'kumawaziziritsa. Galimoto ikamathamanga mphepoyo imadzilowera yokha. Ikaima kapena ikamakwawa pacitunda, imene imakoka mphepo ndi fani, ndiyo ventoinha. Pa injini za 2L, 3L ndi 5L, fani ndi pampu zimazunguzidwa ndi lamba, ndiye correia.

Pakati pa injini ndi lediyeta pali kacitseko kochedwa termostato. Injini ikakhala yozizira kamatseka, kuti madzi afunde msanga. Madzi akafika pa madigiri olembedwa pa kacitsekoko, kawirikawiri 82, kamatseguka.

Cotsiriza ndi civindikiro ca lediyeta, ndico tampa. Ambiri amaciyesa cotsekera wamba, pamene cili ndi nchito yaikulu. Madzi a mumphika amawira pa madigiri 100, ndipo tikakwera kumtunda amawira msanga: mamita 300 aliwonse amacotsapo digiri imodzi. Koma madzi opanikizika sawira msanga. Civindikiro cili ndi sipuling'i ndi mphira zimene zimapanikiza madziwo. Pa civindikiro ca Toyota nthawi zambiri pamalembedwa 0.9, ndipo cimeneco cikakhala cabwino madzi sawira mpaka pafupi ndi madigiri 118. Mphira yake ikang'ambika, madzi amawira pa 100 kapena kucepera, galimoto yonse ili bwinobwino.

Tikamvetsa zimenezi taona kuti injini imawira makamaka pa zifukwa zinai: madzi acepa, madzi sakuyenda, mphepo sikudutsa pa lediyeta, kapena moto wa m'injini ukulowa m'madzi.

ZOYENERA KUCITA PANJIRA

Patsogolo pa woyendetsa pali kamuvi kamene kamayenda pakati pa zilembo C ndi H. Woyendetsa adziwe pamene kamuvi ka galimoto yake kamakhala masiku onse. Kakangopitirira pamenepo, vuto layamba, ngakhale kasanafike pofiira.

Coyamba, zimitsani coziziritsa m'galimoto ngati cilipo, ndipo yatsani hita mpaka kumapeto. Okwera adzadandaula, koma hita ndi kalediyeta kakang'ono kamene kamathandiza kucotsa moto. Ngati muli pacitunda, tsitsani giya kuti injini izungulire mopepuka. Kukwera ndi giya yaikulu, injini ikubuula, kumaonjezera moto pamene pampu ndi fani zikuyenda pang'onopang'ono.

Caciwiri, imani pamalo oonekera, osati pokhota. Ikani zizindikiro zamakona atatu kutsogolo ndi kumbuyo, ikani miyala kumagudumu, ndipo anthu onse atsike akaime kutali ndi msewu.

Cacitatu, ngati nthunzi ikutuluka, madzi akukhuthukira pansi, kapena lamba waduka, zimitsani injini nthawi yomweyo. Ngati zonsezi palibe, isiyeni ilire pang'onopang'ono mphindi zocepa mukuyang'ana kamuvi. Kakakana kutsika, zimitsani.

Pali cinyengo cimodzi coti ticenjere naco. Nthawi zina kamuvi kamakwera, kenaka n'kutsika kokha, ndipo hita imayamba kutulutsa mphepo yozizira. Woyendetsa amayesa kuti zakhala bwino, pamene madzi atheratu ndipo kacipangizo koyeza kutentha kalibenso madzi oti kayeze. Pamenepo mphindi zocepa zikwanira kupha injini.

Cacinai, musatsegule civindikiro injini ili yamoto. Madzi opanikizika aja akangopeza mpata amasanduka nthunzi kamodzin'kamodzi n'kulumphira kumaso. Dikirani mphindi zosacepera 30. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gwirani paipi yapamwamba ndi nsalu: ikakhala yolimba ngati tayala, dikiranibe. Ikafewa, phimbani civindikiro ndi cinsalu cocindikala, yang'anani kumbali, potokolani pang'ono mpaka mpweya utatha, ndipo pokhapo cotsani. Kutsogolo kusakhale munthu wina, makamaka mai wobereka mwana.

Munthu akapsa, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20, vulani mphete ndi zovala zonyowa zimene sizidamatirire pakhungu, phimbani ndi nsalu yoyera, ndi kupita naye kucipatala. Musapakepo dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira kapena oyilo.

Cacisanu, musathire madzi ozizira m'injini yamoto. Mbiya yocoka pamoto mukaithira madzi a pacitsime imasweka, ndipo citsulo cimacita cimodzimodzi. Injini ikazizira, ilizeni, ndi kuthira madzi pang'onopang'ono.

FUNSO LOYAMBA: IMATENTHA LITI?

Makaniko wabwino asanagwire sipanala amafunsa mafunso, monga acitira sing'anga wa kucipatala. Woyendetsa amene wasunga mayankho ake wapulumutsa ndalama za mwini galimoto.

Ngati galimoto imatentha itaima pamzere wa pamalire kapena posaka okwera pamsika, koma imazizira ikayamba kuthamanga, vuto lili pa mphepo: fani, lamba, kapena cikombole ca pulasitiki cozinga fani.

Ngati imayenda bwino m'tauni koma imatentha pothamanga ndi pokwera citunda, lediyeta siikwanitsa nchito yake: yatsekeka m'kati kapena kunja, pampu yafooka, kapena paipi yapansi ikufinyika.

Ngati imatentha mphindi zocepa cilizireni, paipi ina ili yamoto ina ili yozizira, madzi sakuyenda: termostato yakanirira yotseka, kapena m'njira za madzi mwalowa mpweya.

Ngati imamwa madzi tsiku ndi tsiku, fufuzani podontha. Ngati podontha sipaoneka konse, ndiye tiyambe kuopa gasiketi.

YAMBANI NDI ZOCHIPA

Cizolowezi coipa n'cothamangira kumasula mutu wa injini tisanayang'ane zazing'ono. Ndondomeko yabwino ndi iyi, ndipo zambiri mwa izi munthu angathe kuyeza pakhomo.

Madzi ndi podontha. M'mawa injini ili yozizira, tsegulani civindikiro muone ngati madzi afika pakhosi pa lediyeta. Musakhulupirire kabotolo ka pambali kokha, cifukwa kangakhale kodzaza pamene lediyeta ili youma. Usiku yalani katoni pansi pa galimoto, m'mawa muone padontha. Yang'anani mikwingwirima yoyera kapena yadzimbiri pa mapaipi ndi polumikizira. Ma Hiace ambiri ocokera ku Japan, dziko lozizira, ali ndi hita yaciwiri kumbuyo, ndipo mapaipi ake acitsulo amadutsa pansi pa galimoto. Kumeneko dzimbiri limaboola mosaoneka, ndipo amakaniko ambiri amaiwalako.

Civindikiro. Onani mphira zake ngati zauma kapena zang'ambika, ndi sipuling'i ngati yafooka. Pogula cina werengani nambala, ifanane ndi yakale. Ca nambala yaikulu cingaphulitse lediyeta yokalamba. Pa zipangizo zonse za madzi, ici ndico cochipa koposa, ndipo galimoto zambiri zacira ndi ico cokha.

Lamba. Injini itazima, kiyi ali m'thumba, dinikizani lamba ndi cala cacikulu pakati pa magudumu ake. Alowe pafupifupi sentimita imodzi. Wolefuka amaterereka ndi kulira tswii, ndipo pampu ndi fani zimayenda mwaulesi. Wong'aluka kapena wonyezimira m'mbali asinthidwe, ndipo wina wapadera azikhala m'galimoto.

Kunja kwa lediyeta. Fumbi la malasha, njere za udzu, tizilombo ndi timapepala ta pulasitiki zimatseka timipata todutsa mphepo. Ikani nyali kumbuyo kwa lediyeta: ngati kuwala sikuoneka kutsogolo, mphepo nayonso sikudutsa. Tsukani ndi madzi osathamanga kwambiri, kucokera mbali ya injini kutulukira kunja. Madzi amphamvu a kotsukira magalimoto amapinda timapepala tacitsulo, vuto n'kukula.

Fani. Pakati pa fani ya magalimoto amenewa pali cipangizo cokhala ndi mafuta olemera m'kati, cimene cimagwiritsa fani mwamphamvu injini ikatentha ndi kuimasula ikazizira. Mafutawo akatha, fani imazungulirabe, maso n'kumati ili bwino, koma siikoka mphepo. Yezani motere: injini ikatentha bwino, izimitseni, cotsani kiyi, ndi kukankha fani ndi dzanja. Iyenera kulimba ndi kuima msanga. Ikazungulira kangapo ngati gudumu la njinga, kapena mukaona mafuta ndi fumbi zitamatirira pakati pake, yatha. Dzanja, nsalu kapena mkono wa malaya zisayandikire fani injini ikulira. Onaninso ngati cikombole cozinga fani cilipo. Ena amacitaya cikasweka, osadziwa kuti popanda ico fani imakoka mphepo ya m'mbali m'malo mwa yodutsa pa lediyeta.

Mapaipi a mphira. Afinyeni ali ozizira. Yofewa ngati nthoci yakupsa, yotupa, kapena youma ngati cikuni isinthidwe. Paipi yapansi ikakalamba imafinyika yokha injini ikathamanga, cifukwa pampu ikuyamwa mwamphamvu. Wina aponde mafuta, inu muyang'ane patali.

Termostato. Imasuleni, imangeni pa waya, ndi kuilendewetsa m'citini cakale ca madzi pamoto, osagunda pansi. Musagwiritse mphika wophikira. Iyenera kutseguka madzi asanawire, mpata woti pensulo n'kulowa. Madzi akafika pobwadamuka iyo ili citsekere, kapena ikangotseguka pang'ono, gulani ina ya nambala yomweyo.

Pampu ya madzi. Pansi pake pali kabowo. Pakamadontha madzi, pampu yayamba kutha. Gwedezani fani uku ndi uku injini itazima: ikamagwedera, ndiye kuti bering'i yatha. Koma pampu ingafenso mwakacetecete, mapiko ake a m'kati atadyedwa ndi dzimbiri. Cotsani civindikiro injini ili yozizira, ilizeni, ndi kudikira. Termostato ikatseguka muyenera kuona madzi akuyenda pakhosi pa lediyeta.

M'kati mwa lediyeta. Madzi a pamjigo ndi a m'zitsime zambiri ali ndi mcere umene umasiya zoyera, zonga zimene timaziona m'ketulo. Pamodzi ndi dzimbiri ndi matope a madzi otunga kumtsinje, zimatseka timacubu. Injini ikafunda, izimitseni, ndi kuyendetsa dzanja mosamala pa nkhope ya lediyeta. Malo ozizira pakati pa malo otentha ndi timacubu totsekeka. Lediyeta yamkuwa amisiri amaitsegula ndi kutokosa kacubu kalikonse. Ya mitu ya pulasitiki ikang'aluka, guluu sakhalitsa, ndi bwino kusintha mutuwo kapena lediyeta yonse.

Zonsezi zikapezeka zabwino, kumbukirani kuti galimoto ingatenthenso cifukwa ca mabuleki ogwira, oyilo wocepa, pampu ya dizilo yocheredwa molakwika, kapena katundu wopyola muyeso.

PAMENE GASIKETI YAPSA

Pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake pali gasiketi, imene ku Tete amati junta. Nchito yake ndi kulekanitsa moto, madzi ndi oyilo. Injini ikawira kwambiri mutu umapindika kapena kung'aluka, gasiketi n'kupsa, ndipo zitatuzi zimasakanikirana. Mutu wa aluminiyamu, monga wa 1KZ ndi wa injini za petulo zija, supirira moto.

Zizindikiro zake ndi izi. Thovu limatuluka mosalekeza pakhosi pa lediyeta, ngakhale injini isanatenthe. Paipi yapamwamba imalimba mwamsanga injini itangolira kumene. Madzi amakankhidwira m'kabotolo ka pambali mpaka kusefukira. Utsi woyera wambiri umatuluka kumbuyo ndipo sutha ngakhale injini yafunda. Oyilo amasanduka ngati tiyi wamkaka, kapena pamwamba pa madzi pamayandama mafuta. M'mawa injini imavuta kulira kapena imatsimphina. Sikuti zonse zimaoneka pamodzi. Ziwiri zikwanira kuti galimoto iime.

Pokonza, mwini galimoto aumirire zinthu zinai. Mutu upite kwa amisiri a makina akauyeze ngati uli wosalala ndi wosang'aluka, pakuti gasiketi yatsopano pansi pa mutu wopindika siikhalitsa. Mabauti amangidwe motsata ndondomeko ya m'buku la injiniyo, ndi sipanala yoyeza mphamvu, osati ndi cipaipi ndi mphamvu za mnyamata. Oyilo ndi sefa yake zisinthidwe. Ndipo coposa zonse, cimene cidayambitsa kuwira cipezeke. Kawirikawiri gasiketi imapsa cifukwa ca cina: fani yakufa, lediyeta yotsekeka, civindikiro cotha. Mukasintha gasiketi yokha, idzapsanso pacitunda comweco.

Mukatha kukonza cina ciliconse ca madzi, tulutsani mpweya. Imikani galimoto mphuno ili kumtunda, tsegulani hita, thirani madzi pang'onopang'ono, lizani injini civindikiro cili cocotsa, ndi kumaonjezera madzi mpaka thovu litatha. Mawa lake m'mawa yang'ananinso. Ulendo woyamba ukhale wopanda anthu, ndipo ukhale wa pacitunda.

NZERU ZA M'MBALI MWA MSEWU ZIMENE ZIMAONONGA

Yoyamba ndi yocotsa termostato. Amati, "Kuno n'kotentha, imeneyi ndi ya ku Japan." Galimoto imaoneka ngati yacira, koma nthenda yangobisika. Pa injini zambiri termostato ikatseguka imatsekanso kanjira kacidule ka madzi. Ikacotsedwa, madzi ena amangozungulira m'injini osafika ku lediyeta. Komanso m'mawa wa Juni ndi Julayi ku Zóbuè ndi ku Angónia, injini yopanda termostato imayenda yozizira nthawi yaitali, imadya mafuta, imafuka utsi, ndipo zitsulo zake zimaperepeseka msanga. Kuicotsa kuti mufike kunyumba n'komveka. Kuisiya kunja caka conse n'kudzipweteka.

Yaciwiri ndi yothira dzira, fodya, tsabola, sopo kapena ufa m'lediyeta kuti podontha patseke. Pangatseke ndithu, koma zomwezo zimatsekanso timacubu tabwino, ndipo kabowo kamodzi kamadzetsa nchito ya lediyeta yonse.

Yacitatu ndi yoyenda civindikiro cili comasuka kuti madzi asaphulike. Taona kale kuti pamenepo madzi amawira msanga. Njira imeneyi ithandiza pokhapokha paipi yabooka ndipo mwaimanga ndi mphira ya cubu kuti mukafike pafupi, mukuyenda pang'onopang'ono ndi kuima kawirikawiri.

Yacinai ndi yoyendera madzi okhaokha. Ambiri amati mankhwala obiriwira kapena ofiira aja ndi a maiko a cisanu. Koma m'menemo muli zoletsa dzimbiri, ndipo amakwezanso pang'ono powirira madzi. Sakanizani theka mankhwala theka madzi, pokhapokha pacigubu atalemba kuti ndi osakaniza kale. Madzi abwino ndi amene timathira m'batire, kapena a mvula osefa bwino. Mankhwala obiriwira wamba asinthidwe pa zaka 2 zilizonse, ndipo mitundu yosiyana isasakanizidwe. Cenjezo lalikulu: mankhwala amenewa ndi poizoni, ndipo amatsekemera. Mwana, galu kapena mbuzi ikamwa, impso zimaonongeka mpaka imfa. Musawasunge m'botolo la zakumwa, musawataye pabwalo kapena pafupi ndi citsime, ndipo cigubu cake cisatungirenso madzi akumwa.

MAU KWA ENI MAGALIMOTO NDI KWA IFE OKWERA

Oyendetsa ambiri amadziwa kuti ayenera kuima kamuvi kakakwera. Cimene cimawaletsa ndi ndalama imene mwini galimoto amaiyembekezera madzulo, zivute zitani. Woyendetsa amawerenga kuti akaima ola limodzi ulendo umodzi watayika, tsono amati, "Tikangokwera apa basi, kutsika izizira yokha." Abale athu eni magalimoto, muuzeni woyendetsa wanu poyera kuti tsiku limene waima cifukwa ca kutentha simudzamudula malipiro. Ndalama ya ulendo umodzi ndi yocepa poyerekeza ndi mutu wa injini, ndi masabata amene galimoto idzagona pa miyala, ana a woyendetsa, a kondakitala ndi anu omwe akudya ngongole.

Ifenso okwera tili ndi mbali yathu. Ndife timakuwa kuti, "Adalaivala, tiyeni, malire atseka!" Ndife timakakamiza thumba limodzi la cimanga pamwamba pa matumba ena. Ndife timaunjirira kuonerera kondakitala akutsegula civindikiro. Kuthamanga sikufika. Tikapangana galimoto ya ukwati, ya maliro kapena yonyamula wodwala kupita ku Tete, tili ndi ufulu wofunsa ngati madzi ayang'anidwa, ndiponso wonyamuka m'mamawa dzuwa lisanakwere.

Woyendetsa wosamala amayamba tsiku motere, injini isanalire: amayang'ana pansi pa galimoto ngati padontha, amatsegula civindikiro kuona madzi, amasolola kayezero ka oyilo kuona kuculuka ndi mtundu wake, amadinikiza lamba, ndi kucotsa zinyalala pa lediyeta. M'galimoto mwake simusowa cigubu ca malita 5 a madzi oyera, lamba wapadera, mphira ya cubu, waya, pulayala ndi cinsalu cocindikala. Zonsezi sizitenga mphindi 10. Ndipo akasunga kabuku kolembamo tsiku limene adathira madzi ndi kuculuka kwake, adzaona yekha sabata imene galimoto yayamba kumwa madzi, nthawi ikadalipo yoti apite nayo kwa makaniko ku Moatize ikuyenda yokha, osadikira tsiku loikoka ndi cingwe kucokera ku Mussacama.